Oyilo wa Anthu Awiri

Amene akuti ndikunama akhale pansi amve kaye mpaka kumapeto, akatero atsutse. Ndikudziwa alipo, makamaka inu a kabaza amene mumaimika njinga patsinde pa kachere paja. Mukangomva kuti mwambi wa bongololo unabadwira pano pa Mwalawanyenje mumayamba kutsinana, ati agogo anu ankaunena kale njinga zamoto zisanabwere. Chabwino. Agogo anuwo anakuuzani kuti bongololo wa m'munda anamuonapo atanyamula botolo? Mafutawo ankagula kwa yani? Ine ndinafika Folomu 4, mayeso ndinalemba ndi cholembera changa, ndipo oyilo ndagulitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi popanda injini yofa ndi botolo lochokera m'sitolo mwanga, kupatula imodzi. Imodziyo ndiyo nkhani yathu. Mayi wa sitolo amene mumumve m'katimu ndine ndemwe, koma ndizimutchula ngati munthu wina, mungati ndikudzitama.

Tsono mwambiwu chiyambi chake n'chotere.

Kuseri kwa dambo, kumene njira imathera, kunkakhala bambo wina dzina lawo Yotamu Chimkwita. Dzinali linkangogwira ntchito pa chiphaso. Anthu onse ankati a Bongololo, chifukwa ukawayankhula mwadzidzidzi ankadzipinda, mutu pansi, manja m'matumba, kudikira kuti udutse. Anasankha fodya pa esiteti ina zaka makumi awiri ndi zitatu. Kenaka akazi awo anamwalira, mwana wamwamuna anapita ku Joni n'kuiwala nambala ya foni, wamkazi anakwatiwa kutsidya kwa malire. M'nyumba munatsala mipando inayi ndi munthu mmodzi. Mipandoyo ankaikhalira mosinthasintha, lero uwu mawa uwo, kuti chiswe chisadziwe kuti eni ake kulibe.

Chimene anali nacho chochuluka ndi nkhunda. M'mawa uliwonse ankaziwazira gaga n'kukhala pakhonde kuziyang'ana. Koma nkhunda ndi mbalame yopanda chisoni ndi munthu wamasiye. Kudya ziwiriziwiri, kuuluka ziwiriziwiri, ngakhale ndewu yake ndi ya awiri. A Chimkwita ankaziyang'ana mpaka tiyi kuzizira, kenaka n'kulowa kukatsuka kapu imodzi ija.

Pamsika pano panali mayi wina wamasiye, Anangondo, wogulitsa tomato ndi anyezi. Loweruka lililonse a Chimkwita ankagula kwa iwo mulu umodzi wa tomato, pamene kudimba kwawo tomato ankangoolera m'mitengo. Panapita zaka ziwiri mawu asanatuluke. Tsiku lotulukalo anatuluka cham'mbali, ngati nkhanu.

"Anangondo, kodi kwanu kuja denga silidontha?"

"Limadontha. Bwanji, mwayamba ukalipentala?"

"Iyayi. Kungoti kwathu silidontha."

Anangondo anaseka mpaka anyezi kugubuduka pa benchi, koma sanakane. Atapukuta misozi anati, "A Chimkwita, ndamva. Koma kwanu kuja n'kumathero a dziko, ndipo miyendo yangayi inatha. Mwamuna woyenda pansi ndinakhala naye kale, tinayenda mpaka ndinakamusiya kumanda. Mwezi wamawa, Loweruka lomaliza, kuli chinkhoswe cha mwana wanga kuseri kwa chitunda cha Sendeza. Amene akandifikitse kumeneko ndisanatuluke thukuta, ameneyo akakhala pambali panga, abale anga amuone."

A Chimkwita anadzipinda, natenga tomato wawo, napita. Koma sabata yomweyo ng'ombe zawo ziwiri zokoka ngolo zinasintha khola, ndipo kuchokera ku boma kunabwera njinga yamoto yakuda bii, yogwirapo kale ntchito koma yonyezimira. Anaiphunzirira kudambo, kumene kugwa kwawo kunkaonedwa ndi akakowa okha. Wogulitsa njingayo anali atawauza mawu amodzi: "Njinga ilibe vuto, madala, koma oyilo ali m'katimo wakalamba. Musanayende ulendo wautali mumukhuthule, muthire watsopano." A Chimkwita anagwedeza mutu. Oyilo wake uti, wothira pati, sanafunse. Kufunsa ndi kuyankhula kawiri, ndipo iwo kuyankhula kwa chaka chimenecho anali atakuthera pa denga losadontha.

Loweruka lija litafika anadzuka m'bandakucha, anasita jekete ya kumaliro, yokhayo imene anali nayo, nadzola mafuta kumaso mpaka ntchentche kuterereka. Atafika pamsika analowa m'sitolo ya Anachisale, mayi wophunzira, wodziwa injini kuposa amuna ambiri ovala ovololo, amenenso m'sitolo mwawo simupezeka fumbi.

Pa shelefu panali mabotolo atafola ngati ana a sukulu. A Chimkwita kuwerenga ankatha, ndipo ku esiteti anaphunzira kuti chilembo chilichonse cholembedwa pa belo la fodya chili ndi tanthauzo. Anayang'anitsitsa. Mabotolo ena analembedwa 2T, ena 4T. Anasinkhasinkha. T ameneyu akuimira chiyani? Njinga ndi chinthu chonyamula anthu, ndiye nambalayo ndi ya anthu. T ndiye kuti "tili". Tili awiri. Tili anayi. Anachita chidwi kuti azungu opanga oyilo nawonso Chichewa amachitha.

Kenaka, mwa chizolowezi cha munthu wogula mulu umodzi, buledi theka, sopo mmodzi, maso awo anayamba kufunafuna 1T. Anayang'ana shelefu yapamwamba, yapakati, yapansi, mpaka kusuzumira kuseri kwa matayala. Munalibe. Anausa moyo. Ngakhale opanga oyilo sanamuganizire munthu wokhala yekha. Koma lero, anadzikumbutsa, lero si tsiku la 1T. Analoza botolo ndi chala.

"Ndipatseni uyo, wa 2T."

Anachisale anasuzumira panja, naona njinga. "Yanu ndi yakudayo? Imene ija ndi ya 4T, bambo."

"Anayi?"

"Eya, anayi."

Nkhope ya a Chimkwita inagwa. Pakhomo panali pataima a kabaza awiri atatu, makutu ali tcheru. Mayi ameneyu akundinyoza pagulu, anatero mumtima. Pamsika ponse pano ndani sadziwa za mipando ija?

"Anayi tinali kale, mayi," anatero motsitsa mawu. "Pano tikhala awiri. Awiri akwana."

Anachisale sanamvetse kuti bamboyo akunena chiyani, ndipo apa ndivomere kuti ngakhale munthu wa Folomu 4 zina zimamudutsa. Anayamba kufotokoza monga anaphunzirira m'kalasi, za pisitoni, za kutsika ndi kukwera kwake, za mpweya wopanikizidwa. Anafotokoza bwino zedi, mphunzitsi akanakhalapo akanaimirira. Koma a Chimkwita m'mawu onsewo ankangomva liwu limodzi lobwerezabwereza: anayi, kanayi, anayi. Ndipo chikondi chimalimbitsa mtima ngakhale bongololo. Anadzitambasula, koyamba pamsika uno.

"Mayi, ine njinga yamoto ndinaidziwa inu mukadali kuloweza za m'mabukuzo. Akapitawo athu ku esiteti anali nayo, ankayenda awiri ndi akazi awo, ndipo botolo lake linali lomweli, la 2T. Akamathira wowagwirira ndinali ine. Setifiketi siyendetsa njinga."

Anachisale mtima wawo ndi wabwino, aliyense amadziwa. Koma setifiketi yawo saiseweretsa munthu. Anatsitsa botolo lija naliika pa kauntala, phi!

"Tengani. Ndakuuzani, mboni ndi awa. Mukadzafuna kundimva, khomo lakumbuyo limakhala losatseka."

A Chimkwita akanapita nalo kwawo botololo, bwenzi lero tilibe mwambi. Koma munthu amene wakhala zaka zisanu ndi zinayi osaonedwa, tsiku loti aonedwe amafuna aonedwe ndi onse. Anakankhira njinga patsinde pa kachere, pamaso penipeni pa benchi ya tomato, pomwe Anangondo anali atakhala, atavala kale chitenje chatsopano, dengu la mbale za mphatso lili pambali. Anabwereka sipanala ndi beseni lakutha. Anavula jekete, naipachika pa nthambi, nagwada.

A kabaza anaunjikana. Pakati pawo panali tcheyamani wawo, Gilibati, bambo wa imvi za m'ndevu amene mkazi anamuthawa, amenenso tomato wa Anangondo ankamugula mopitirira ndiwo zake.

Bauti ya pansi pa injini inamasuka, oyilo wakale anayamba kutsikira m'beseni, wakuda ngati msuzi wa nyemba zogonera. A Chimkwita anadikira mpaka dontho lomaliza, napendeketsa njinga kuti asatsalemo ndi pang'ono pomwe, namanganso bauti.

"Madala akuidziwa ntchito!" anatero wina, ena n'kuomba m'manja.

Kuomba m'manja kumeneko kunawalowa mpaka m'mafupa. Tsiku lomaliza limene anthu anawaombera m'manja linali la ukwati wawo. Anaponya maso ku benchi, napeza Anangondo akumwetulira. Anaimirira mwaulemu ngati abusa pa mgonero, natsegula chivundikiro cha thanki ya petulo, nayamba kukhuthuliramo oyilo monga ankachitira akapitawo. Akapitawo ankathira pang'ono chabe, n'zoona, koma akapitawo sankapita ku chinkhoswe. Iwo anapendeketsa botolo lonse.

Pomwepo mmodzi wa a kabaza anakuwa, "Madala! Mmenemo ndi mwa petulo! Oyilo amalowera apa, m'munsimu, pa kachivundikiro aka! Injini mwaisiya youma!"

A Chimkwita anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. "Mwana iwe, unamuonapo munthu akudyera pa mchombo?"

Msika wonse unafa ndi phwete. Anangondo anagwira nthiti. A Chimkwita sanadziwe kuti ena akuseka nthabwalayo, ena akuseka iwo. Kwa iwo kunali kuseka basi, ndipo wokuyambitsa anali iwo. Wakabaza uja anafuna kulimbikira, koma Gilibati anamuponda chala.

"Asiyeni akuluakulu," anatero Gilibati mokweza. "Anthu awa anagwira pa esiteti. Inu njinga mwaidziwa liti? Thirani, madala, thirani yense."

Madontho otsala m'botolo a Chimkwita anawagwetsera pa kansalu, napukutira thanki ndi zotchingira matope mpaka njinga kuwala ngati galasi. "Bongololo wadzola!" wina anafuula, mawuwo n'kuyenda msika wonse.

Anavalanso jekete, natchaya kiki katatu, injini inadzuka. Kumbuyo kunatuluka utsi wochindikala ngati wa zinyalala zaziwisi. Ogulitsa usipa anaphimba malonda awo. A Chimkwita anaukoka m'mphuno utsiwo n'kutsinzina: linali fungo la ku esiteti, la masiku amene kunyumba kunkakhala wowadikira.

"Kodi imatero?" anafunsa Anangondo akutsokomola.

"Ikakhuta imatero. Kwerani."

Kuchoka pamsika kukafika patsinde pa Sendeza, woyenda pansi amatha ola lathunthu. Panjinga ndi kanthawi kowiritsa tiyi. Kanthawi kameneko a Chimkwita amakakumbukira mpaka lero, mwala ndi mwala. Pa bampu yoyamba Anangondo anaika dzanja paphewa pawo kuti asagwe, ndipo bampu itatha dzanjalo silinachoke. Linali lofunda, lonunkhira masamba a tomato. Chimwalirireni akazi awo, chimene chinakhalapo paphewa pamenepo chinali thumba la chimanga ndi khasu basi. Anachepetsa liwiro dala. Ankalakalaka Sendeza atasunthira kutsogolo pang'ono.

Atadutsa mlatho, pansi pawo panayamba kaphokoso: nge-nge-nge, ngati munthu akugogoda mbale ndi supuni.

"A Chimkwita, chikulira n'chiyani?"

"Ndi mbale zanuzo."

"Mbale zanga ndazikulunga m'nsalu."

"Ndiye ikuimba. Yadziwa kuti tikupita ku chinkhoswe."

Iwo eni anali atamva kuti nyimboyo si ya chimwemwe. Kumapazi kunkabwera kutentha ngati aima pa uvuni wa njerwa, ndipo fungo linali litasintha, silinalinso la ku esiteti koma la mpeni ukamanoledwa pa mwala wouma. Akanatha kuima. Koma kuima kunali kuchotsa dzanja lija paphewa. Anawonjezera moto, nalowa chitunda.

Nge-nge-nge anasanduka gwede-gwede-gwede. Pakati pa chitunda injini inalira kamodzi ngati nkhumba yogwidwa mwendo, kenaka gwa! Tayala lakumbuyo linagwira. Njinga inaima, inaganiza pang'ono, n'kugona cham'mbali mu udzu mwaulemu, osavulaza munthu. Dengu lokha ndilo linapitiriza ulendo, koma wobwerera: mbale khumi ndi ziwiri zinatsika Sendeza iliyonse ikuimba nyimbo yake.

A Chimkwita anadzutsa njinga, naponda kiki. Kiki inali ngati chitsa. Anapondanso ndi thupi lonse, nsapato n'kung'ambika. Anatsegula thanki, nasuzumiramo: oyilo anali momwemo, wambiri, akusambira ndi petulo. Nanga yafa ndi chiyani, chikhalirecho yadya? M'munsi mwa msewu Anangondo ankatola mbale, chitenje chatsopano chili madonthomadontho akuda, ndipo pamphumi pawo, poyerayera, panali thukuta.

M'pamene kunamveka injini ina ikukwera pang'onopang'ono, mosapupuluma, ngati ya munthu wodziwa pomwe akapeze chimene akufuna. Anali Gilibati, mpando wakumbuyo uli wopanda munthu, atayalapo kale kansalu.

"Aa, pepani madala! Yatani? Yakhuta kwambiri?"

A Chimkwita anadzipinda. Anangondo anaima pakati pa njinga ziwirizo, dengu lili pamutu. Sanali mayi wankhanza ayi. Anayang'ana dzuwa, nayang'ana bambo wa jekete ya kumaliroyo.

"A Chimkwita, chinkhoswe sichingayambe popanda mayi wa mwana. Mundikhululukire."

"Pitani, Anangondo. Mukapereke moni kwa ana."

A Chimkwita anaima pomwepo mpaka phokoso la njinga ya Gilibati, Anangondo ali pampando wakumbuyo, linazimirira kuseri kwa chitunda. Mu udzu anapeza mbale imodzi yotsalira. Anaipukuta ndi mkono wa jekete, naimangirira pa mpando wakumbuyo.

Njinga yakufa imalemera kuposa ng'ombe ziwiri zimene inadya. Anachotsa giya, nayamba kukankha, dzuwa lili paliwombo. Pofika pafupi ndi msika linali litapendeka. Anamva kuseka kwa patsinde pa kachere. Anapatukira m'minda, kudutsa m'mapesi, chisoso chikumata thalauza, mpaka anatulukira kuseri kwa masitolo, kumene kumakhala mbuzi ndi makatoni. Khomo limodzi linali losatseka.

Anachisale anawapeza atakhala pa tayala lakutha, chipewa chili m'manja. Mayi wina akanabwereza "ndinanena ine" mpaka dzuwa kulowa. Anachisale, pokhala munthu wophunzira, anangonena kamodzi kokha. Kenaka anawapatsa madzi, nagwada pa njinga, namasula kachivundikiro ka m'munsi kaja, kamene kunsi kwake kuli kamtengo koyezera oyilo. Kanatuluka kouma gwa.

"Mwaona? Mchombo uja ndi uwu. Njinga yanu imadyeradi pa mchombo, ngati mwana ali m'mimba."

A Chimkwita sanaseke. "Koma akapitawo..."

"Ya akapitawo inali ya mtundu wina, yakale ija yofuka. Imeneyo oyilo imamwera pamodzi ndi petulo n'kumuotcha, ndiye wake ndi 2T, wopangidwira kupsa. Yanuyi oyilo amakhala payekha m'mimbamu, sapsa, ntchito yake n'kusambitsa zitsulo kuti zisadyane. Inu munazitayira madzi osamba n'kuziuza kuti zikwere Sendeza. Zakumbatirana tsopano, sizisiyananso popanda amakaniko."

"Ngakhale zitsulo zapezana," anatero a Chimkwita chapansipansi.

Ulendo uno Anachisale za m'kalasi anazisiya. Anatulutsa mabotolo awiri pakhomo pomwepo. "Ili ndi la 4T la njinga, ndilo lanu. Ili ndi la galimoto. Musadzanyengeke poti n'lalikulu: oyilo wake ndi woterera mopitirira, ndipo kilatchi ya njinga, poti imasamba momwemo, imayamba kuterereka pachitunda ngati nsapato ya pulasitiki m'matope. Manambala awa a pa botolo lanuli, 20 ndi 50, si zaka za woyendetsa. Akunena kulimba kwa oyiloyo, m'mawa kukazizira ndi masana injini ikatentha. Kuno kwathu kofunda, pa njinga yoyendapo kale ngati yanuyi, ameneyu ndiye amagwira. Uja wa m'mabotolo a zakumwa, wa m'mbali mwa msewu, wopanda chidindo, muzingomupatsa moni n'kudutsa. Ndipo kamtengo aka muzikasolola musananyamuke, muone ngati kanyowa."

A Chimkwita anamvetsera zonse, akupotokola chipewa. Kenaka anatulutsa funso limene linali litakhala pakhosi kuyambira m'mawa.

"Pali wa 'tili awiri', pali wa 'tili anayi'. Nanga wa munthu mmodzi ndi uti? 1T ndinamufuna, simusunga."

Apa m'pamene Anachisale anamvetsa mawu aja oti anayi tinali kale.

"T ameneyo si 'tili', bambo. Nambalayo ikuwerenga maulendo a chitsulo cha m'katimo, osati anthu. Injini siwerenga okwera. Mukhale anayi, mukhale nokha, oyilo wake ndi yemweyo."

"Ndiye siidziwa kuti ndili ndekha?"

"Siidziwa."

A Chimkwita anaisisita pa thanki njinga yakufayo. "Ndi yokhayo pa Mwalawanyenje pano," anatero.

Amakaniko anakhala nayo mwezi wathunthu, ndipo mbuzi zitatu zinatsatira ng'ombe zija. Mvula isanagwe Anangondo anakwatiwa ndi Gilibati. Tsiku la ukwatiwo njinga makumi atatu zinadutsa pamsika zikuliza mahutala. A Chimkwita anazimvera kuseri kwa sitolo, atagwada, akuthira 4T pa mchombo ndi manja awo, Anachisale akuwayang'anira kamtengo kaja. Mbale ija anafuna kuibweza, koma mwini wake anati aisunge. Amadyeramo mpaka lero.

Chiyambire pamenepo njinga ya a Chimkwita ndiyo yolira bwino kuposa zonse kuno, yosafuka, yonyezimira chilimwe ndi dzinja. A kabaza akaiona ankakuwa, "Madala, mudzola liti tidzaonerere?" Iwo ankangodzipinda pa chiwongolero n'kudutsa. Anawadikirira miyezi, anawadikirira zaka, patsinde pa kachere sanagwadeponso. Mpaka tsiku lina wakabaza uja wopondedwa chala anauza anzake kuti, "Musavutike, magaye. Bongololo sadzolera mafuta pagulu." Mawuwo anakwera minibasi, anafika m'tauni, analowa m'mabuku, mpaka ena kuyamba kunamizira agogo awo. Lero aliyense wokonzera zake kuseri n'kutulukira pagulu atawala kale amamunenera mwambi womwewu.

Otsutsa aja mukadalipo? Mwina mukufunsa kuti ine ndinapindulanji, poti phunziro lonse lija ndinaperekera kuseri, popanda wondiombera m'manja. Ndikuuzani ndendende. A Chimkwita atatenga njinga kwa amakaniko anandibweretsera nkhunda ziwiri m'katoni, yaimuna ndi yaikazi, ati zothokozera. Ndinazisunga masiku atatu, nditatsegula zinauluka kubwerera kwawo kuseri kwa dambo. Pa oyilo wotsatira anabwera nazonso, m'katoni yomweyo, ati pepani zinasochera. Zinabwereranso. Ine ndikudziwa kuti nkhunda ukaidula nthenga imakhazikika, zimenezo ndi za ku pulaimale, ndipo sizasi ndili nayo. Iwonso akudziwa. Palibe anatchulapo. Ndiye malipiro anga ndi amenewo: nkhunda ziwiri, zomwezomwezo, ndazilandira kokwana makumi awiri ndi kasanu ndi kawiri, kuphatikizapo mlendo mmodzi amene miyezi itatu iliyonse amakhala pa tayala lija n'kumwa tiyi m'kapu yachiwiri imene ndinali nditaiwala kuti ndili nayo.